Tsiku Limene Ndinapatukira Apongozi pa Bwalo la Ndege

Zimitsani zimene zikulira m'manja mwanuzo, ana inu, mubwere kuno pakhonde. Iwe Tinashe, usandiyang'ane ngati ndakudyera nkhuku, khala pansi. Ndamva zonse zimene mumanong'onezana kuseri kwa thanki ya madzi, makutu angawa sanafe ayi. Chisomo wabwera ndi mapepala a sukulu yophunzitsa ntchito yosamala uthenga wa maulendo a ndege, inu n'kumuuza kuti asataye nthawi kundionetsa chifukwa "sekuru havazive zvendege." Ine sindidziwa za ndege? Mukunena inu, amene ndege mumangoionera pawindo la kombi, minibasi zanu zija, ikudutsa pamwamba pa Norton, mutapanikizana ngati matemba m'dengu? Asa! Ntchito imene mukuiyesa yachilendoyi ine ndinaigwira zaka zinayi, ndipo inandipulumuka m'mawa umodzi wokha. Ndikakumbukira m'mawa umenewo mtima umandiwawa mpaka lero, ndiye mundimvere ndisanakwiye kuposa apa.

Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, ngakhale inu mukafunsidwa mumati ndinu a kuno ku Norton. Ndinachoka kumeneko ndevu zikungoyamba kumera, m'thumba muli chimanga chokazinga ndi makaka, chinangwa chouma chija chimene inu mungachitaye poyesa ndi khungwa la mtengo. Tinayenda pansi kudutsa dziko la Apwitikizi, kumapazi kuli nsapato za matayala, mpaka kuoloka Zambezi pa bwato. Inu kungopita kusitolo apa mumafuna galimoto. Inali nthawi ya Chitaganya, pamene azungu anamanga maiko atatu mtolo umodzi osatifunsa, n'kumalalikira pa wailesi kuti tsopano wakuda ndi woyera adzadyera mbale imodzi. Mbale yakeyo ine ndinakaiona ku Tengwe, pa pulazi ya fodya imene ndinalembedwa ntchito. Munali ufa, nyemba zofumbwa ndi kamchere, phoso la mlungu wathunthu. Woyang'anira pulaziyo tinkamutcha Kamoto, chifukwa akakwiya khosi linkafiira mpaka m'makutu. Dzina lake lenileni sindilitchula, lingandiwawitse m'kamwa.

Kuseri kwa mabalani, nyumba zazitali zowotcheramo fodya zija, kunali bwalo la ndege. Musaganize za phula ndi magetsi ayi. Unali msipu wautali wosalazidwa bwino, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo ndege zazing'ono za mapulazi onse ozungulira zinkatera pamenepo. Zinkabweretsa dokotala, zitsulo za mathirakitala, nthawi zina mwini pulazi amene ankakhala ku Halale. Ine ndinayamba ngati wotchetcha udzu. Panali woyendetsa ndege wina amene ankabwera kawirikawiri, tinkamutcha Mphamba chifukwa cha mphuno yake yokhota. Tsiku lina anandimva ndikuwerenga mokweza zilembo za pamchira pa ndege yake, n'kundifunsa ngati ndimathanso kulemba. Ndinamulembera dzina langa pafumbi ndi chala, Yotamu Phiri. Pasanathe mwezi chikwakwa ndinali nditachisiya, ndili m'kanyumba ka malata m'mbali mwa bwalo, ndi buku, pensulo, lamya ndi mawotchi awiri.

Eya, awiri. Musaseke. Anthu a ndege ali ndi nthawi yawoyawo imene amayendera dziko lonse, ndipo imatsalira maola awiri kumbuyo kwa nthawi yathu ino. Wotchi imodzi inali ya dzuwa la ku Tengwe, inayo ya ndege, ndipo ukasokoneza ziwirizo ukadikira mlendo amene anafika kale. Inu wotchi muli nayo m'foni, koma kutchalitchi mumafika ulaliki uli pakati.

Tsono Chisomo, mvera, popeza m'mapepala akowo akulembera mayina aatali a zinthu zimene ndikuuza m'mawu osavuta. Ntchito yoyamba tsiku lililonse inali kuyenda bwalo lonse ndi mapazi, maso ali pansi. Chiswe chimamanga usiku umodzi wokha, nguluwe zimafukula, ng'ombe zimathyola waya n'kulowa, mvula imafewetsa malo amene dzulo anali olimba. Ukatha pamenepo uone madzi a mvula m'kabotolo koyezera, uone thumba la nsalu lija lopachikidwa pamtengo kuti mphepo ikuchokera kuti ndipo ikuomba motani, uyang'ane mitambo ngati yaphimba mutu wa phiri la kumpoto. Ikakwana seveni koloko uimbe lamya ku ofesi ya ku Halale, kumene ankasonkhanitsa mauthenga a mabwalo onse kuti woyendetsa ndege aliyense asananyamuke amuwerengere za kumene akupita.

Lamya yake inali yopukusa ndi dzanja, waya umodzi mapulazi onse. Pulazi iliyonse inali ndi kaliridwe kake, kwathu kunali kulira kuwiri kwakutali ndi kumodzi kwakufupi. Ukamalankhula unkamva madona a mapulazi ena akupumira m'makutu mwako, atanyamula zawo kuti amve miseche. Pa lamya imeneyo panalibe kutafuna mawu ngati mmene mumachitira inu. Unkanena pang'onopang'ono, wa ku Halale n'kubwereza zimene wanenazo, iwe n'kuvomera. Iyenso akakupatsa chidziwitso, kaya bwalo lakuti latsekedwa, kaya asilikali akuwombera mfuti kudera lakuti, kaya kwinakwake aimika chitsulo chachitali, unkalemba, kumubwerezera, n'kukhoma pepalalo pathabwa kuti woyendetsa ndege aliyense aone. Chidziwitso chikatha ntchito uchichotse tsiku lomwelo, chifukwa pepala lakale limasocheretsa munthu kuposa thabwa lopanda kanthu. Ndege iliyonse yotera ndi yonyamuka ndinkailemba m'buku, zilembo zake, nthawi yake, anthu angati. Imene timaidikira ikachedwa theka la ola, lamya pomwepo, osati kumangoti mwina ili m'njira. Ndipo pakona pa kanyumbako panali nsalu ziwiri zoyera zazitali. Bwalo likaonongeka unkaziyala pakati ngati mtanda, kuti wa kumwamba aone kuti pano sipotera.

Mphamba ndiye anandiphunzitsa zonsezi, ndipo panali mawu amene ankandibwerezera mpaka ndinatopa nawo. Ankati, "Yotamu, ine ndikakhala kumwamba sindiona dzenje, sindiona matope. Ndimatera pa mawu ako. Chimene sunachione, nena kuti sindinachione. Palibe amene adzakumenyere zimenezo."

Kamoto yekha ntchito yangayi inkamuyabwa. Munthu wakuda kukhala pampando ndi pensulo, anzake ali m'munda, kwa iye zinali ngati mwala mu nsapato. Ankanditcha kalaliki wa udzu. Ndikapempha laimu wopakira miyala ya m'mbali mwa bwalo ankandiuza kuti nditenge phulusa. Thumba la mphepo litang'ambika anakana kugula lina, tinachita kulumikiza matumba a ufa. Koma ndinkapirira, chifukwa Mphamba anali atandiuza chinthu. Anati ofesi ya ku Halale ija yayamba kulandira anthu akuda angapo, oti aziphunzira ntchito yeniyeni yosonkhanitsa ndi kugawa mauthenga a ndege, ndipo iye wandilankhulira. Kunangotsala kuti abwere ndi pepala losainidwa, anditenge ndikayesedwe mayeso. Ana inu, mumvetse. Munthu wa m'komboni ya pulazi analibe khomo lotulukira. Unkabadwira m'fodya, kukalambira m'fodya, n'kuikidwa kuseri kwa fodya. Ine khomo linali litanditsegukira.

Apa ndipatuke pang'ono ndinene za kunyumba, chifukwa popanda zimenezi simumva kanthu. Agogo anu aakazi, malemu Malita, ndinawapeza m'komboni momwemo. Makolo awo anathawa chibalo ku Tete, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ija. Bambo awo anamwalira chaka chimene tinakwatirana, ndipo amayi awo, apongozi anga, anatsala m'kanyumba koyandikana ndi kathu. Sanali m'kaundula wa antchito, chitupa analibe, ndipo Kamoto anali atalengeza kale kuti pakamwa posagwira ntchito pachoke pa pulazi yake. Akanawadziwa, linali lole mpaka kumalire, kubwerera kudziko kumene kunalibenso wowadziwa. Choncho galimoto ya Kamoto ikamveka m'komboni, iwo ankalowa m'nyumba.

Anthu a lero mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi, n'kumalimbirana nawo kanema. Ife sitinkatero. Mkamwini sankayang'ana nkhope ya apongozi ake aakazi, sankadyera nawo pamodzi, sankakumana nawo panjira. Ukawaona patali unkapatuka kulowa kutchire, ngakhale muli chitedze, n'kunjuta mpaka atadutsa. Ukakhala ndi mawu, ankadzera mwa mkazi wako. Tsono zowadzudzula, kapena kuwauza kuti chokani apa, amenewo anali malodza, komboni yonse ikanakulavulira. Ine ndinakulira m'mwambo umenewu, unali m'miyendo mwanga, ndipo ndinkanyada nawo. Anzathu a Chishona akamatiseka kuti Manyasa, inu a ku Nyasalande, mumathawa nkhalamba, ine ndinkati iwo ndiwo osaleredwa.

Linali tsiku la m'chilimwe, mwezi wa mphepo uja, udzu utauma. Malita anali ndi pakati, masiku atatha, tikungodikira. Ndipo ndilo tsiku limene Mphamba anayenera kubwera ndi pepala langa, nthawi ya fili koloko masana. Ndinadzuka mtima uli m'mwamba, malaya oyera atasitidwa kale ndi simbi ya makala. Ndinayamba kuyenda bwalo monga mwa masiku onse, kuchokera kum'mawa, mphepo ikundikankha kumsana. Zonse zinali bwino. Koma nditayandikira kumapeto a kumadzulo, pamalo pamene kale panali chulu chachikulu chimene anachigumula pokonza bwalolo, ndinaona munthu atawerama. Khasu m'manja, dengu pambali, kumutu nsalu yakuda ya namfedwa. Anali apongozi anga, akukumba pakati penipeni pa bwalo la ndege.

Sindinaganize n'komwe. Miyendo inapatuka yokha. Ndinangozindikira ndanjuta m'udzu wa m'mbali, nkhope nditaitembenuzira kutchire. Ndinatsokomola kuti adziwe kuti pali munthu. Anamva ndithu, pakuti khasu linasiya kulira. Nditasuzumira ndi ngodya ya diso ndinaona kuti iwonso agwada, andifulatira, aphimba nkhope ndi nsalu, akudikira kuti mkamwini adutse. Ndiye taonani uchitsiru wake. Ine ndikudikira iwo kuti achoke, iwo akudikira ine kuti ndidutse, anthu awiri akuluakulu atanjuta ngati zitsa, dzuwa likukwera. Panatsala mapazi osakwana makumi asanu kuti ndifike pa dzenjelo ndilione kukula kwake. Ndikanangofuula kuti, "Amayi, pamenepo sipokumba!" Pakamwa panakana. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinabwerera chambuyo, chifukwa seveni koloko inali itayandikira.

Ndinapukusa lamya. Wa ku Halale anafunsa mphepo, ndinamuuza kuti ikuchokera kum'mawa, yamphamvu ndithu. Anafunsa mitambo, ndinati kulibe. Kenaka anati, "Nanga bwalo?"

Ndinati, "Lili bwino."

"Lonse lili bwino?"

"Lonse."

Ndinalembanso chimodzimodzi m'buku, ndi dzanja langali. Mumtima ndinkati ndege ibwera fili koloko, ndikangopeza mpata ndithamangira kunyumba ndikauze Malita, Malita akauze amayi ake, ine ndikwirire dzenjelo, palibe adziwe. Nsalu za mtanda zija ndinaziyang'ana, koma ndinadziwa kuti ndikaziyala Kamoto abwera kudzafunsa chifukwa chake, ndipo apeza apongozi ali ndi khasu. Ndisanatuluke n'komwe, Kamoto yemweyo anandiitanitsa ku ofesi kuti ndikamasulire anthu atsopano amene anafika ndi lole kuchokera kwathu ku Nyasalande. Ndinaima pamenepo maola atatu, ndikumasulira mwano wake m'chinenero cha amayi anga, maso ali kubwalo.

Cha m'ma teni koloko ndinamva kulira kwa injini kumwamba. Mphamba anali atamaliza msanga ntchito yake ku Karoi. Anaimba ku Halale, anamuwerengera uthenga wanga uja kuti bwalo la ku Tengwe lonse lili bwino, iye n'kunyamuka. Ndinamusiya Kamoto mawu ali m'kamwa. Ndinathamanga, ndinatola nsalu zija m'kanyumba, ndinathamanganso, ndikukupiza manja ngati wamisala. Koma bwalo lija ndi lalitali, ndipo ndege imatera moyang'anana ndi mphepo. Mphepo inali yochokera kum'mawa, monga ndinaneneramo ine mwini, choncho iye anatsikira kumadzulo, pa chulu pomwe paja.

Ndipo mudziwe chimene anachita apongozi anga. Atamaliza kukumba, anaona kuti si ulemu kusiya bala pa malo a bwana. Anatola udzu wotchetcha n'kuuyala pamwamba pa dzenjelo bwinobwino, mwaukhondo, ngati mmene amaphimbira mbiya ya madzi. Dzenje lofika m'mawondo linasanduka msipu. Ngakhale mphamba weniweni sakanaliona.

Tayala la kumanja linalowa. Ndege inazungulira, mphuno inabaya pansi, mchira unanyamuka n'kuima m'mwamba, chopukusira mphepo cha kutsogolo chinathyoka n'kuuluka. Fumbi lokhalokha. Ndinafika ndine woyamba, nsalu zanga zopanda ntchito zili m'khwapa. Mulungu anatichitira chifundo, moto sunabuke, ndipo anali yekha m'ndegemo. Ndinamukoka, magazi akuchucha pamphumi, phewa litathyoka, dzanja likulendewera. Ndinamumanga bala ndi nsalu ya mtanda yomweyo. Anangoyang'ana dzenje lija, n'kundiyang'ana ine.

Kamoto ananditsekera m'nyumba yosungira feteleza masiku awiri, kudikira mzungu wofufuza wochokera ku Halale. M'mawa wa tsiku lachitatu anabwera yekha, n'kutseka chitseko. Khosi silinali lofiira ayi, ankalankhula mofatsa, ndipo pamenepo ndiye ndinamuopa kwambiri. Iye nkhawa yake inali yoti bwalo la pa pulazi yake lingatsekedwe chifukwa chosasamalidwa.

Anati, "Tamvera, boyi. Ukanene kuti unayenda bwalo lonse, linali bwino, ndipo wina anakumba iwe utadutsa kale. Undipatse dzina lake. Pali mapazi a mkazi pamenepo, ndawaona. Ameneyo akwera lole lero, iwe ubwerera ku pensulo yako, ngakhale ku Halale kwakoko upita. Wamva?"

Musaganize kuti ine agogo anu ndinali mngelo. Ndinaganiza, ana inu, ndinaganiza mpaka thukuta. Ndinaona ofesi ya ku Halale, nyumba ya njerwa, ana anga akupita kusukulu atavala nsapato. Mumtima ndinali nditapsa ndi nkhalamba ija, yokumba pamene yafuna ngati dziko lonse ndi dimba lake. Koma ndinaonanso Malita akubereka mwana woyamba amayi ake ali pa lole.

Mlandu unachitikira pansi pa mtengo, kutsogolo kwa ofesi. Panali wofufuza uja ndi mapepala ake, Kamoto, ndi Mphamba, dzanja atalikoleka m'khosi, mutu uli m'mabandeji. Buku langa linali patebulo, lotsegulidwa pa tsamba la tsiku lija. Wofufuza asanayambe, Mphamba anati iye ali ndi funso limodzi lokha.

"Yotamu, unafika kumapeto kwa bwalo?"

Kamoto anandiyang'anitsitsa. Ine ndinati, "Sindinafike, bwana."

"Koma unanena kuti lonse lili bwino."

"Ndinanena. Ndinanama."

Mphamba anapisa dzanja lamoyolo m'thumba la malaya, anatulutsa pepala lopindidwa, lothimbirira ndi magazi m'mphepete. Ndinalizindikira, linali langa lija. Sanaling'ambe ayi, bola akanaling'amba. Analiyang'ana, n'kulibwezera m'thumba momwemo. Anati, "Ukanangonena kuti sindinafike kumapeto, ndikanazungulira kawiri pamwamba, kapena kutera pakati. Mawu awiri okha, Yotamu. Sindikanakufunsa n'komwe chifukwa chake."

Kamoto anakuwa, "Wakumba ndani?"

Ndinati, "Sinditchula."

Mbama imene anandimenya, khutu ili la kumanzere linalira mlungu wathunthu. Wofufuza mbamayo sanailembe n'komwe. Anangotseka buku langa, n'kuuza anzakewo m'Chingerezi, ngati ine ndine chitsa, kuti ichi ndicho chifukwa chake ntchito zotere sizoyenera kupatsa anthu awa. Anthu awa! Walakwa Yotamu mmodzi, koma mlandu wagwera mtundu wonse, kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Tete. Ndipo amene anadzalowa m'kanyumba kanga anali mphwake wa Kamoto, amene bwalo sanaliyendepo ndi mapazi ngakhale tsiku limodzi. Ankangodutsa pa galimoto, fodya ali kukamwa, n'kukaimba kuti lili bwino. Ng'ombe inagona pabwalo tsiku lina ndege ikutera, koma palibe anati azungu ntchito imeneyi saitha. Umenewo ndiwo unali mgwirizano wa Chitaganya, mbale imodzi ija.

Koma musandimve molakwa. Kamoto ndimamukwiyira, wofufuza uja ndimamukwiyira, koma amene ndimamukwiyira kwambiri ndi uyu wakhala pampando panoyu. Palibe mzungu anandigwira pakamwa pa lamya paja. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndikanatha kusunga ulemu wa apongozi ndi kusunganso choona, pongonena kuti mbali ya kumadzulo sindinaione. Ndinasankha kusalaza zinthu kuti aliyense asakhumudwe, ndipo munthu amene ankandikhulupirira anatsala pang'ono kufa. Mphamba sanateranso pa bwalo limenelo, ndipo sindinamuonenso. Ine anandipatsa ndowa ziwiri zothirira nazale ya fodya, mvula itagwa n'kundiika kosonkhezera moto m'mabalani. Zaka zisanu ndi zinayi ndinapuma utsi umenewo. Maso ofiirawa, amene mumati ndi a kachasu, ndinawatenga kumeneko.

Madzulo a tsiku la mlandulo, dzuwa likadali m'mitengo, ndinabwerera kukomboni, tsaya litatupa. Anthu ankandiyang'anira m'makomo, palibe anandilonjera. Nditakankha chitseko cha nyumba yanga ndinaima. Pansi ponse panali pozira mwatsopano, posalala, ponyezimira, mpaka m'makona, ndipo m'nyumba munkanunkhira dothi la pachulu. Malita anali atakhala pamphasa, mimba ili kutsogolo, maso atatupa ndi kulira.

Ndinafunsa, "Dothi ili lachokera kuti?"

Anayankha motsitsa mawu, "Mukudziwa kale, a Phiri. Amayi anati mdzukulu wawo woyamba sangabadwire pa fumbi. Anafunafuna dothi labwino komboni yonse, analipeza kokhako."

Mkwiyo unandikwera. Ndinafuna kutenga khasu ndigumule pansi ponsepo. Ndinakuwa kuti, "Kodi akudziwa chimene andichita?"

"Akudziwa. Anaiona ndege ikugwa. Chiyambire tsiku lija sanaike kanthu kukamwa. Ali kuseri kwa khomali, akumva. Amanga kale katundu wawo, akuti m'mawa apita okha kwa Kamoto akadziulule, mwina angakubwezereni ntchito."

Ndinamva kutsokomola kuseri kwa khoma, kutsokomola kwa ulemu kuja, kodziwitsa kuti pali munthu. Pakati pa ine ndi iwo panali khoma la mitengo ndi dothi lochindikala ngati dzanja langali. Ndinali ndi mawu odzaza dengu oti ndiwalalatire, ndipo ndikhulupirira iwonso anali ndi awo opepesa. Koma ndinavula nsapato kuti ndisadetse pozirapo, ndinakhala pansi, n'kuuza Malita kuti, "Auzeni amasule katunduyo. Pepala lija lapita kale, asatayenso ndi iwo omwe. Auzenso kuti adye, ndipo nyumba azira bwino."

Patapita masiku anayi amayi anu anabadwira pa dothi limenelo, m'manja mwa apongozi anga. Nkhalambayo inakhala nafe zaka khumi ndi chimodzi, khomo ndi khomo, ndipo mpaka tinaiika m'manda sitinalankhulanepo za dzenje lija, ngakhale kudzera mwa Malita. M'mawa uliwonse ndikamachokera kumabalani, thupi lonse mwaye, ndinkakumana nawo panjira ya kuchitsime, ndipo ndinkapatuka kulowa m'udzu, mano nditakukuta, mpaka atadutsa.